Bambo Sunday ndi Malipenga a Asilikali

Lolemba, 5 Novembala 2007

Kuno ku London, dera lathu la Edmonton lonse phuu! phuu! Azungu ndi zophulitsa zawo za chaka ndi chaka, ati mwambo. Ine shifiti yamadzulo kunyumba ya okalamba, miyendo ngati si yanga. Bambo Sunday ndawapeza pansi pa bedi, nsapato kuphazi. Munthu wamkulu ngati ameneyo! Kwawo ku Nigeria ankaphunzitsa pa yunivesite, anathawa nthawi ya ulamuliro wa asilikali. Pano nzeru zimabwera n'kumapita. Ati, "Zimitsa magetsi mwanawe, ayambapo." Ndawanyengerera mpaka tiyi kuzizira.

Winfrida, manijala wathu, sanabise mawu: zikachitikanso, apita kum'mwamba, kuzipinda zokiya za osokonezeka mutu. Ine kumeneko ayi. Sindinaonepo wobwerako.

Lachitatu, 7 Novembala

Lero ali bwinobwino, mpaka kundiseka Chingerezi changa. Mwana wawo Etta anabwera ndi nyuzipepala. Tonse awiri kuwauza: asilikali anachoka kalekale, anthu amavota, chaka chomwe chino munthu wamba walandira mpando kwa mnzake. Angotiyang'ana. "Yunifolomu anavula, koma nsapato ndi zomwe zija."

Kenako kundiphunzitsa ngati tili m'kalasi. Ukamva wailesi ikungoimba nyimbo za asilikali m'mawa, usadikire nkhani, boma lagwa. Bisa ana asukulu, amayambira iwowo. Ena amene anaguba nawo mumsewu sanawaonenso.

Nanenso ndawauza zakwathu. 1992, ine ndi achimwene a Fatsani tikuthawa utsi wokhetsa misozi ku Ndirande. Chaka chotsatira kukavotera nyali ya zipani zambiri. Ati, "Ndiye zinatheka?" Ndati zinatheka bambo, motsimphina, komabe tikuyenda. Andigwira dzanja nthawi yaitali. Ndimawakonda bambo amenewa, ndisaname.

Lachisanu, 9 Novembala

Mvula. Basi kuchedwa, masokosi chinyowere tsiku lonse. Winfrida wagawa timaluwa tofiira tapepala, aliyense abaye pachifuwa. Lamulungu ndi tsiku lokumbukira amene anafera kunkhondo. Okalamba onse pabalaza, mwambo wonse tionere pa TV. Ndangovomera ndi mutu, maganizo ali pa mapazi angawa.

Lamulungu, 11 Novembala

Mayo ine.

Malipenga, ng'oma, asilikali ndondondo pa TV. Kenako mzinga, guu! Pabalaza ponse zii. Bambo Sunday dzambatu ngati mnyamata, kundigwira mkono, kundikankhira m'kachipinda ka mabulangete, chitseko mba! Iwo n'kuima panja, ndodo m'mwamba. Ndimawamva ndili mkati: "Muno mulibe mwana wasukulu! Tengani ine!" Rogers, mnzathu wa ku Zambia, anati awasunthe, ndodo yamupeza pamphumi. Magazi.

Ndinalira mumdimamo. Osati chifukwa cha mkono.

Lachiwiri, 13 Novembala

Msonkhano. Ndalankhula mpaka mawu kusasa: sanandimenye, amandibisa. Rogers nayenso, bandeji pamutu: "Ni kachilonda chabe aka, basiyeni bamudala." Winfrida si munthu woipa, maso ake anali psuu. Koma magazi anatuluka, ndipo lamulo la pano silimva za ku Nigeria. Etta wavomera zoti bambo ake apite kum'mwamba.

Tikanangowasiya kuchipinda kwawo m'mawa umodzi wokha, basi! Anandiuza okha Lachitatu za nyimbo za asilikali, ndi pakamwa pawo, ine n'kumangoti eya, eya. Zikundiwawa.

Loweruka, 17 Novembala

Ndakwera kum'mwamba nthawi ya buleki. Chitseko chamanambala, mawindo osatseguka. Bambo Sunday ali pampando, nsapato anawavula, ndodo anawalanda. Odekha modabwitsa, ngati munthu amene zomwe ankayembekeza zafika.

Pamasitepe ndinali nditakonza mawu anga onse: kuno ndi ku London, kulibe wagwetsa boma, kwanu anthu akuvota ndipo adzavotanso. Atandiona ayang'ana uku ndi uku, n'kunong'ona: "Iwe sanakupeze?"

Ndati ayi bambo, sanandipeze.

Amwetulira, misozi ili mbwe. "Basi, zili bwino. Pita asanakuone. Tsiku likadzafika, ukavote."

Mawu anga aja ndatsika nawo.