Chala cha Apongozi

Lolemba, 2 Juni 2025
Andipatsa makiyi! Mayi Rozina, abwana athu ku laibulale ya pa yunivesite, ati chipinda cha mabuku ndi nyuzipepala zakale ndizichiyang'anira ine. Mwezi uno ndi wondiyesa. Tsamba limodzi likangowonongeka, ndibwerera pakhomo kukalandira zikwama za ophunzira. Mu minibasi yobwerera ku 25 ndimangomwetulira ndekha, mpaka kondakitala kundifunsa ngati ndili bwinobwino.

Lachitatu, 4 Juni
Pakamwa pangapa! Ndinauza mwamuna wanga Pemphani kuti mu nyuzipepala ya 1974 muli chithunzi cha amisiri omanga Lilongwe, wina nkhope yeniyeni ya bambo ake. Iye osachedwa, foni ku Kawale. Apongozi akubwera mawa.

Nyuzipepalayo tili nayo imodzi yokha, pepala lake louma ngati fodya wa m'chigafa. Ndiye apongozi ndimawadziwa, satsegula tsamba osayamba anyambita chala.

Lachinayi, 5 Juni
Afika atavala jekete ya kutchalitchi. Chikwama asiya pakhomo, cholembera ndawasinthira ndi pensulo. Powapempha kusamba m'manja anaseka, "Kodi muno mudyetsanso alendo?"

Nditayala nyuzipepala pathebulo anadziona pompo. "Ndine uyu! Wanyamula njerwayu ndi malemu Jones!" Misozi ili lengelenge. Kenako anafuna kuona kuseri kwake. Chala kukamwa, uyo akulunjika pakona ya pepala, Mayi Rozina ataima pakhomo.

Ndinawagwira dzanja. Ine amene! Chikwatiwire ndimawapatsa moni nditagwada patali, lero ndawagwira pamkono ngati mwana wofuna kugwira moto.

"Pepani bambo, muno sitinyowetsa chala. Nditembenuza ndine."

Anandiyang'ana, natola chipewa, ulendo. Kuseriko sanaoneko.

Lachisanu, 6 Juni
Pemphani akuti ndikanangowasiya, malovu pang'ono angaphe ndani. Ndamuuza kuti pepala lakhala zaka makumi asanu lisafere m'manja mwanga. Sitikuyankhulana bwino.

Loweruka, 7 Juni
Ku Kawale. Moni wanga apongozi aamuna ayankha maso ali pa wailesi. Apongozi aakazi anandinong'oneza kukhitchini, "Mwalimba mtima, mayi." Kaya kunali kundiyamikira kaya kundidzudzula. Mtima ukundiwawa, sindinama. Koma zitachitikanso ndingawagwirenso.

Lachiwiri, 10 Juni
Cha m'ma teni mlonda akuti ndili ndi alendo. Kutuluka, apongozi, pambuyo pawo madala atatu amene ankamanga nawo limodzi. Ndinati abwera kudzandinenera kwa abwana.

Sanadikire n'komwe kuti ndiyankhule. Okha anawafoletsa anzawo kumpopi, mmodzimmodzi, sopo ndi thaulo. Wina anafuna kulowa ndi botolo la madzi, analandidwa.

"Tamverani akuluakulu," anatero, mokweza moti Mayi Rozina anasuzumira. "Muno manja kumbuyo. Pepala ili amaligwira ndi mayi awa okha, mpongozi wanga. Boma la muno ndi iwowa. Ine ndinayesa sabata yatha, anandigwira ngati wakuba mu Shoprite."

Madala kuseka. Mayi Rozina nawonso kuseka, n'kubwerera mu ofesi mwawo osalowa n'komwe kudzandiyang'anira.

Ndinayala nyuzipepala ija. Madala anayi anawerama, onse manja kumbuyo ngati ana asukulu. Apongozi anatsokomola pang'ono, atatembenukira kumbali.

"Mayi, kuseri kuja sindinaoneko. Titsegulireni."

Ndinatsegula.