Khadi la ku Sikelo la Anas

Nkhulambe, Phalombe

Amalume a Bwanali,

Asalamu alaikumu. Kuno tadzuka, nandolo wayamba maluwa. Kaya inu ku Joniko, poti foni simuyankha.

Mlongo wanga Anas ali m'chitokosi, ndipo wokamupereka ndine. Anagulitsa njinga yanga, ine ndimangofuna akagoneko tsiku limodzi kuti aphunzire. Apolisi atandifunsa zaka zake, ndinayankha ndi mkwiyo kuti, "Ndi bambo ameneyu, kujando anapita kale." Basi analemba kuti ndi wamkulu. Mwana wa zaka khumi ndi zinayi, amalume, ino ndi sabata yachiwiri akugona pakati pa akuluakulu.

Pa wailesi akukamba zokonzanso lamulo loteteza ana olakwa. Akonze ndithu, koma pakamwa pangapa palibe lamulo lingapakonze.

Ndinabwerera kupolisi kukanena zoona, akuti ndibweretse umboni. Khadi lake la ku sikelo lili m'chikwama cha malemu amayi, chija munanyamula pamaliro osatiuza. Zimenezo sindinaiwale, koma lero ndikukupemphani: lijambuleni, mutumize pa foni.

Dzulo ndinamupititsira chinangwa chophika. Anandigwadira, n'kulandira ndi manja awiri, nati, "Zikomo, mayi," ngati ndine mlendo. Zina zomwe ndinaona pa iye sindingazilembe.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Adija