Moni wa ku Tafara

12 Meyi 2016
Tafika ku Harare. Kachipinda kakuseri kwa nyumba ya Mayi Febbie ku Tafara, atipezera amalume Abdalla. Zenera limodzi, chitseko chopanda loko. Mwana wanga Safiya wagona osavula chipewa.

Ku Machinga sindidzapondakonso. Achiwembu anaboola khoma kufuna mwana wanga, ati mafupa a alubino ndi chuma. Wowalozera khomo, mlamu wanga weniweni. Allah akuona.

20 Meyi
Ndayamba kugulitsa matimati pamsewu. Phindu lake la sopo basi. Mafuta odzola a Safiya atsala pang'ono. Koma lero wasewera panja ndi anzake. Zaka zisanu ndikumutsekera m'nyumba! Palibe wamukuwiza kuti "ndalama izo". Ndalira ndi chimwemwe, chitsiru ine.

3 Juni
Kwabwera Mazvita, mwana wa Mayi Febbie, kudzachirira kwa amake. Mimba yoyamba. Atangoona Safiya anakoka bulauzi n'kudzilavulira pachifuwa. Ati asabereke wotere. Ine ndimayesa zoterezi ndinazisiya pamalire ku Mwanza. Amayi a pampopi nawo ayamba, ndi opanda mimba omwe.

9 Juni
Safiya wandifunsa, "Amayi, moni wa kuno ndi wotero?" Ndamuyankha kuti eya. Ndikanati chiyani?

27 Juni
Mayi Febbie, maso ali pansi: "Mayi a Safiya, si ine ayi. Nane bambo anga anachokera kwanu konko. Koma Mazvita sakugona ndi mantha. Mupeze kwina mwezi usanathe."

Ndathamangira ku Mbare, kwa amalume Abdalla. Amalume ati kwawo n'kodzaza, ndipite ku Tongogara, kumsasa wa othawa kwawo, ndikayese mwayi. Mpongozi wawo nayenso ndi woyembekezera, ndaona ndekha. Mwezi wa Ramadani uno. Ena akusala chakudya, ena asala ndi chifundo chomwe. Mtima wanga ukuwawa.

30 Juni
Tachoka. Katundu yense m'chikwama chimodzi. Ndinauza Safiya atsanzike bwino, tisachoke ngati akuba. Anagwada pamaso pa Mayi Febbie monga ndinamuphunzitsira. Kenaka anakoka diresi lake n'kudzilavulira pachifuwa, akumwetulira. Anatembenukira kwa Mazvita n'kuchitanso chimodzimodzi.

Ndinamugwira dzanja n'kutuluka naye.

M'basi wandifunsa ngati ku Tongogara nakonso moni wake ndi womwewu. Ati akufuna akayambe ndiye.