Pipoka ndi Sera Yofiira

Bairro Mateus Sansão Muthemba,
Tete.
23 Outubro 2023

Okondedwa mana Marta, mkulu wanga,

Uthenga wanu unandipeza pamsika Lachitatu lapitali, ndipo ndinachoka osatenga tomato amene ndinagula, mpaka mayi wogulitsayo anachita kundithamangira. Ndiye mukubweradi! Zaka zitatu chiikire maliro a mwamuna wanga Lourenço simunapondenso ku Tete, ndipo tsopano mukuti mudzakhala mwezi wathunthu. Ndikungoimba m'nyumba muno ngati mtsikana. Ventuwinya, fani yokupiza mphepo ija, ndakonzetsa kale, chifukwa inu a ku Ulóngwe kutentha kwa kuno kumakusungunulani. Mukadzatsika minibasi ya shapa musadzayende pansi, mudzandiimbire. Musaiwale kachewere ndi nyemba zofiira zija, za kuno sizikoma ngati za kwathu.

Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pali nkhani imene pakamwa ingandikanike. Mana, m'nyumba muno muli galu. Sindikunena pabwalo ayi. M'nyumba.

Ndikukuonani mwaika kalatayi pansi. Itoleni, mumve kaye.

Ndi kagalu koyera, kaubweya wambiri, kosaposa mphaka wonenepa. Mwana wanga Vanda anakabweretsa mu Fevereiro asanabwerere ku sukulu ku Beira. Anati, "Mamã, muziyankhula ndi aka. Mwayamba kuyankha wailesi." Dzina lake ndi Pipoka. Ndinkafuna azigona panja monga agalu onse, koma tsiku loyamba lomwelo dzuwa linam'gwetsa, lilime lili panja, ndipo ndinam'lowetsa kuti azizidwe pa simenti. Kulowa kwake kunali komweko.

Musaganize kuti ndataya mwambo wa amayi. Ndimakumbukira ku Lizulu nthawi ya nkhondo, m'kanyumba kaudzu kaja, mmene ankatidzutsira kuti tizire pansi, akuti, "Tathawa nkhondo, sitinathawe tsache." Ndimasesa kawiri patsiku, chifukwa ubweya wake umaunjikana kunsi kwa mipando ngati thonje. Pakhomo pali ndowa ndi kansanza, ndipo akachoka panja ndimam'pukuta mapazi onse anayi. Masiku ano amakweza yekha phazi, n'kumandiyang'ana ngati bwana. Mbale yake ndinaipaka penti wabuluu ndipo siyandikira zathu. Sindinaiwale tsiku lija munakana madzi kwa msuweni wathu mutaona galu akunyambita mbale, n'kubwerera ndi ludzu mpaka kwanu.

Koma imvani zimene ndinachita. Lachinayi, chimwemwe cha uthenga wanu chitandikwera, ndinagula sera yofiira n'kupaka pansi ponse, kuyambira pabalaza mpaka pakhonde, kuti mudzadzione nkhope polowa. Ndinaiwala kuti masana Pipoka amagubuduzika pa simenti kufunafuna pozizira. Ine ndili kubafa, iye anagona pa sera yosauma, natembenukira uku ndi uku, kenaka nakwera pamipando pamene ndinali nditangoyala nsalu zoyera zija munandilukira paukwati. Potuluka ndinapeza galu wofiira ngati njerwa, akundigwedezera mchira pamwamba pa ntchito ya manja anu.

Ndikum'sambitsa kachitatu, a Dona Joaninha a nyumba yoyandikana nafe anasuzumira pampanda.

"Vizinya, neba wanga, mwagula wina? Woyera uja mwagulitsa?"

"Ndi yemweyu."

"Ndiye m'pakeni ndi kumutu komwe, afanane. Akulu anu akabwera muziti ndi mbuzi."

Ndinaseka, koma kenaka ndinawauza mantha anga, kuti mukadzaona galu m'nyumba mudzakwera shapa tsiku lomwelo. Iwo anati, "M'bweretseni kwanga mpaka mlendo adzapite. Yambani lero azolowere. Adzadziwa bwanji?"

Ndinam'pereka. Apa ndiye pali chimene ndikuulula: ndinafuna kukubisirani.

Nsalu zanu ndinaziviika ndipo zinayera, kupatula imodzi imene yatsala ndi kaphazi pakona. Masiku awiri nyumba inawala. Ndikasesa m'mawa, madzulo tsache silinkapeza kanthu. Chilichonse ndinkachipeza pomwe ndinachisiya. Ndipo ukhondo umenewo ndinauzindikira, mana. Ndi womwe uja wa sabata itatha maliro, nonse mutabwerera kwanu, pamene ndinkakolopa pansi poyera kale chifukwa manja analibe chochita.

Dzulo pochokera ku misa sindinalowe n'komwe kwanga, ndinakagogoda kwa a Joaninha. Pipoka anandilumphira n'kudetsa kapulana yanga, nsalu yovala ku tchalitchi, ine n'kukhala pansi pakhonde la eni ake, kumaseka osaleka. A Joaninha anangoti, "Tengani mbuzi yanu, sinadye chichokereni."

Choncho Pipoka mudzam'peza. Kuchipinda kwanu sadzalowa, ndipo nthawi ya chakudya ndizidzam'tsekera kukhonde. Koma kum'chotsa sindingathe, ndipo kukunamizani sindikufunanso. Ngati mwaona kuti simungagone m'nyumba yotere, ndiuzeni poyera. Sindidzakwiya. Koma ndikupemphani, bwerani mudzaone ndi maso anu musanaweruze. Pali zambiri zoti tidzachezere, ndipo ndikufuna ndikakuonetseni mmene mzindawu wakulira kutsidya kwa mlatho.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Muwauze kuti mng'ono wanu wanenepa, wayambanso kuphika kawiri patsiku. Sindinakuuzeni kuti ndinali nditasiya. Pogona panu ndayala kale ngakhale kwatsala masabata atatu, ndipo sindiyalula mpaka nditamva kwa inu.

Ndine mng'ono wanu amene akudikira,

Elsa