Magetsi Anu Atidulira Mtengo wa Bambo

Achimwene a Swaleh,

Salamu alaikum. Ndikhulupirira kuti ku Joniko muli bwino, poti mukutha kuganiza zokongoletsa nyumba.

Amisiri anu a magetsi anafika Lachiwiri. Pofuna kuti loji yanu ya pakhomo pano iwale pa Khirisimasi, adula mtengo wa mango uja anabzala malemu bambo, pomwe mayi ankakhala masana. Nditawaletsa, mkulu wawo anati, “Eniake alamula pa foni.”

Kodi ife amene timasesa pano tsiku lililonse tasanduka alendo?

Anthu akuchokera ku Boma kudzajambulitsa pa magetsi anuwo. Mayi sanatulukeko n'kamodzi komwe. Zimene adokotala anena za iwo sindilemba m'kalata. Ngati mukufuna kuzimva, bwerani mwezi uno usanathe.

Ndine mlongo wanu,
Rukia