Ola Langa la Lachiwiri

Lachiwiri, 11 Juni

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko, ndiponso kuti msana uja wasiya kukuvutani ndi ntchito yonyamula odwala. Musadabwe kuona kalata. Ndalemba ndine, Kankhono wanu. Azakhali andiseka kale, akuti, "Foni ili m'nyumba, iwe ukufunafuna envelopu. Unabadwa chaka chanji kodi?" Koma pafoni mukudziwa mmene ndimachitira. Yakwana miyezi isanu tsopano ndisanalankhule nanu, ndipo n'chifukwa chake ndalemba. Papepala mawu sandithawa. Mwezi watha aphunzitsi anawerenga chimangirizo changa pamaso pa kalasi yonse, anati ndimalemba ngati munthu wamkulu. Ndinabisa nkhope m'manja, koma mumtima ndinakondwa.

Kuno tilipo. Ababa ntchito ya mayunifomu yawachulukira, amabwera ulusi uli m'mutu monse. Makina aakulu aja anaduka lamba, anakonza okha ndi waya. Maluwa anu a m'zitini pazenera, awiri anauma, limodzi likulimbikirabe. Azakhali amabwera Loweruka kudzatithandiza kuchapa ndi kudzatinena.

Ndinamva Ababa akukuuzani kuti Lachiwiri ndimapita kuchipatala chifukwa cha m'mimba muja. Si za m'mimba, Amayi. M'mimba anandiyeza kawiri, sanapezemo kanthu. Chinachitika n'chakuti tsiku lina m'kalasi anandiimiritsa kuti ndiyankhe funso. Yankho ndinkalidziwa bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa, mawu osatuluka. Ndinangoima choncho mpaka anzanga anayamba kuseka, kenako anasiya kuseka, ndiye zinandipweteka kwambiri pamenepo. Zitachitika kachitatu, anesi a kusukulu anaitana Ababa n'kuwapatsa kalata yopita nayo kwa adokotala a maganizo. Ababa musawakwiyire. Sadziwa kuti nkhani ngati imeneyi aiyambire pati.

Ndikuuzeni mmene kulili. Chipinda cha adokotalawo chili pamwamba, masitepe makumi awiri ndi awiri, kumapeto kwa khonde mukadutsa kumene amazula mano. Mulibe jakisoni, mulibe mapiritsi. Muli mipando iwiri, kabedi kakang'ono kwa amene akufuna kulankhula chogona, bokosi la matishu, ndi kawotchi koyang'ana kwa iwo. Zenera limayang'ana kumsewu. Adokotalawo ndi mayi wamfupi, wa imvi pang'ono, amavala nsapato zomwezomwezo sabata iliyonse. Tsiku loyamba anati, "Ola lino ndi lako. Lachiwiri lililonse 3 koloko, mphindi makumi asanu. Uzinena chilichonse chimene chabwera m'mutu, ngakhale chooneka chopusa. Ukafuna kukhala chete, khala."

Ndiye ndinakhaladi chete. Masabata atatu, Amayi. Ine chete, iwo chete, wa mano akulira kuseri kwa khoma. Ndinkadikira kuti atopa, andiuza zochita ngati mmene achitira akuluakulu onse, koma ayi ndithu. Azakhali atamva anaomba m'manja. "Ntchito zina n'zabwino eti? Munthu kupita kusukulu zaka zonsezo kukaphunzira kukhala chete. Bwera kwa ine, ndikuuza vuto lako ndisanamalize kuchapa shati iyi." Ndinawafunsa kuti vuto langa n'chiyani. Anati, "Ulesi wa pakamwa. Unatengera bambo ako." Ababa anali pomwepo, sanayankhe, ndiye Azakhali anati, "Waona?"

Sabata yachinayi ndinalankhula. Mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati, "Nsapato yanu yakumanzere yatha chidendene." Ndinachita manyazi kufuna kulowa pansi. Iwo anaiyang'ana, anati, "Zoona. Umaona zambiri ukakhala chete. Pitiriza." Kuyambira pamenepo ndinayamba kukamba, zachabechabe zokhazokha: za maluwa anu, za mnzanga amene anasamukira kalasi ina, za maloto amene ndimalota ndikukoka sutikesi yopanda matayala. Sandiuza tanthauzo. Amangoti, "Chikukubwerera n'chiyani ukaganiza za sutikesiyo?" Ine n'kuti, "Palibe." Iwo n'kuti, "Chabwino." Amakwiyitsa nthawi zina.

Tsiku lina anandiuza chinthu chimene ine mwini sindinkachidziwa. Anati, "Ndaona kuti umanyamuka kukatsala mphindi zisanu, ndisananene kuti nthawi yakwana." Ndinati ndimaopa kusiyidwa ndi basi. Anati, "Mwina. Kapena n'kosavuta kuti uchoke ndiwe, kusiyana n'kumva munthu akukuuza kuti basi." Ndinanyamuka nthawi yomweyo, kutatsala mphindi khumi. Ndili pamasitepe ndinadziseka ndekha.

Mwezi watha ndi pamene zinavuta. Nditangokhala pansi anandipatsa kakhadi. Analembapo madeti awiri. Anati, "Ndichokapo masabata atatu. Ili ndi tsiku lomaliza kuonana, ili ndi tsiku lobwerera. Ndakuuziratu kuti tikhale ndi nthawi yokambirana." Ndinati, "Palibe vuto, muyende bwino." Ndinamwetuliranso. Kakhadiko ndinakataya m'bini ya pansi pa masitepe.

Lachiwiri lotsatira sindinalowe. Ababa sakudziwa zimenezi. Ndinafika nthawi yake, koma ndinakaima tsidya la msewu, pakhonde pamene pamakhala bambo wina wosoka nsapato. Pamenepo zenera la adokotala limaoneka bwino. Ndinkafuna kuona kuti atani. Ndinkati akaona kuti sindikubwera aitana wina wa pamzere, kapena atseka n'kumapita kukalongedza katundu wawo. Wosoka nsapatoyo anandiyang'ana kangapo, kenako anati, "Mwanawe, ukudikira basi kapena ukufuna kuphunzira ntchito? Ngati ndi ntchito, gwira ulusi uwu." Ndinagwiradi. Ndinaima mphindi makumi asanu nditagwira ulusi wa munthu wosam'dziwa, maso ali pazenera.

Amayi, adokotala sanachoke. Ndinkaona mutu wawo wa imvi uja, atakhala pampando wawo, moyang'anizana ndi mpando wanga wopanda munthu. Sanalowe wina aliyense. Nthawi itakwana ndendende anaimirira, anatseka zenera. Ndinabweza ulusi wa eni ake, ndinayenda wapansi mpaka kunyumba.

Sabata inayo ndinakwera masitepe aja. Ndinati, "Sabata yatha sindinabwere."

Anati, "Inde. Ine ndinalipo."

"Ndikudziwa. Ndinakuonani."

Sanadabwe, sanandikalipire. Anangofunsa, "Unkafuna kuona chiyani?"

"Ngati mpando wanga mupatse wina."

"Ndiye unaona chiyani?"

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ine amene mawu amandikanika m'kalasi, ndinawakalipira mayi wamkulu ngati ameneyo. Ndinati munandiyambitsiranji kulankhula mukudziwa kuti muchoka. Ndinati kakhadi kanu ndinataya. Ndinati anthu amangonyamuka basi, amaganiza kuti munthu sakumva.

Anadikira ndimalize, kenako anafunsa motsitsa mawu, "Anthu ake ati?"

Apa ndiye pamene pali nkhani imene ndalembera kalatayi. Ndayizungulira masamba awiri, ndikudziwa.

M'mawa umene munanyamuka uja, ndinali maso.

Tsiku lenileni simunandiuze, munkangoti "posachedwapa." Koma ndinadzuka ndi phokoso la zipi ya sutikesi. Ndinamva Ababa akunong'ona, "Tim'dzutse?" Inu munati, "Ayi, m'siyeni agone. Akalira, ine sinditha kupita." Ndinamva mutanyamula sutikesi m'manja kuti matayala asachite phokoso pasimenti. Kenako munadzaima pakhomo la chipinda changa. Ndinamva fungo la mafuta anu odzola aja. Ndinatsinzina mwamphamvu n'kuyamba kuwerenga chamumtima. Ndinati ndikafika khumi mundigwedeza phewa ngati mmene munkachitira masiku a sukulu, munena kuti, "Kankhono, dzuka." Ndinafika khumi. Ndinafika makumi awiri. Ndili pa makumi anayi ndinamva chitseko chakunja.

Chaka ndi miyezi inayi sindinauze munthu. Ababa atabwerako kokuperekezani anandipeza ndikusesa, anati, "Amayi ako apita, sanafune kukudzutsa." Ndinati, "Chabwino." Poyamba ndinkatenga foni n'kumati ndili bwino, sukulu ili bwino, ndikudya. Koma mawu amenewo anayamba kundilemera mpaka anasiya kutuluka.

Nditawauza adokotala ndinkayembekezera kuti anena kuti munalakwa, kapena kuti ndinalakwa ndine, chifukwa ndikanangotsegula maso, basi, nkhani ikanathera pomwepo. Sananene zonsezo. Anangoti, "Amayi ako anaima pakhomo, iwe uli pabedi. Aliyense akudikira mnzake." Patapita kanthawi anawonjezera, "Ndikudzifunsa ngati mpaka lero sunatsinzinebe, ukuwerenga." Ndinamaliza theka la bokosi la matishu. Tsiku limenelo ndinakhala mpaka anati, "Nthawi yakwana." Zinapweteka monga mmene ndinkaopera, koma sindinafe. Potuluka anandilembera kakhadi kena osandifunsa. Kali m'buku langa la masamu.

Musaganize kuti ndachira. Ndikadakwiyabe, Amayi, pepani kunena. Ndikudziwa chifukwa chimene munapitira, palibe amene ayenera kundifotokozeranso. Mutu umadziwa, koma m'mimba simumva. Masiku ena ndimakusowani mpaka ndimatsegula kabati kununkhiza diresi lanu la buluu limene munasiya. Masiku ena ndimafuna kulitaya. Adokotala akuti zonse ziwiri zikhoza kukhala mwa munthu mmodzi. Azakhali akuti ndi mwano.

China choti ndiulule ndi cha Lamlungu. Mukaimba 4 koloko, Ababa amati ndikusamba, kapena ndapita kwa mnzanga kukawerenga. Ndilibe mnzanga wowerenga naye. Ndimakhala pansi kuseri kwa chitseko cha chipinda changa, khutu lili pathabwa. Ababa amakweza mawu a foni dala, ndikuganiza kuti amadziwa. Ndimamva zonse, za nyengo, za nkhalamba ija imene imakubisirani mankhwala pansi pa pilo. Ndipo kumapeto mumafunsa, "Kankhono alipo?" Ababa akanama bodza lawo, inu simudula msanga. Mumakhala chete pang'ono. Ndinkaganiza kuti ndi netiweki. Tsiku lija nditagwira ulusi wa wosoka nsapato, ndikuyang'ana mayi uja atakhala ndi mpando wopanda munthu, ndi pamene ndinazindikira kuti si netiweki. Miyezi isanu simunaphonyepo Lamlungu ngakhale limodzi.

Lero ndi Lachiwiri loyamba adokotala kulibe. Nditaweruka miyendo inanditengera yokha kokwerera basi, ndinakumbukira ndili pamzere. Ndabwera kunyumba, m'nyumba muli zii, Ababa akadali kushopu. Ndakhala patebulo 3 koloko yeniyeni, ndaika mpando wanu patsogolo panga, ndati ola langa ndilipereke kwa inu. Ndanena chilichonse chimene chabwera m'mutu, ngakhale chooneka chopusa. Mukapeza zolakwika musandiseke, sindinalembe kawiri, ndinaopa kuti ndikawerenganso nding'amba.

Ndili ndi zopempha ziwiri. Choyamba, tsiku limene mudzabwere, ndiponso tsiku limene mudzabwerere, mudzandiuze madeti ake enieni. Ndidzalira, inde. Mudzandilole ndilire, mudzapitabe.

Chachiwiri ndi ichi. Sindikudziwa kuti kalatayi itenga masabata angati panjira. Ine ndizikhala kuseri kwa chitseko chija Lamlungu lililonse monga mwa masiku onse. Lamlungu loyamba mukailandira, musafunse Ababa ngati ndilipo. Ndilipo. Mungonena mokweza kuti, "Kankhono, dzuka." Ndidzatuluka. Ndikatenga foni n'kukhala chete, musandifunse za sukulu kapena ngati ndikudya, ndipo musanene kuti ndibwezere Ababa. Mungodikira. Ndimachedwa, koma mawu amabwera.

Ababa akanapereka moni akanadziwa kuti ndikulemba, ndiye landirani. Azakhali akuti nsapato munawatumizira zija n'zothina koma sapatsa munthu. Duwa lotsala lija ndalithirira. Ndayang'ana wotchi, mphindi makumi asanu zinakwana kalekale, ndipo sindinanyamuke.

Mukaiwala kunena mawu aja, ndidzayesetsa kudzuka ndekha. Koma ndingakonde mutanena.

Ndine mwana wanu amene anali maso,
Kankhono