Dzanja la Ada Limangokoka

Ama, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Kuno ku Chintheche tilipo. Tamala wathu wabereka mwana wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu. Chinangwa chimene munabzala kumtunda kwa msewu tinakumba, ngakhale china chinawola ndi madzi. Nyanja yadya mchenga mpaka paja munkayanika usipa.

Koma chondilembetsa kalatayi ndi Ada, amuna anu. Chichokereni inu, akusuta kuposa kale. Paja munkawalanda chingambwe n'kunena kuti, "Chifuwa si chitsa chakuti chizifuka tsiku lonse." Tsopano wowalanda palibe, ndipo akatsokomola amamveka mpaka kumsewu.

Ku yunivesite ndinaphunzira za pulogalamu ya pafoni yothandiza anthu kusiya fodya. Imaonetsa zithunzi. Chikabwera cha ndudu, munthu amachikankhira kutali ndi chala. Chikabwera cha chipatso kapena madzi, amachikokera kwa iye. Akamatero tsiku ndi tsiku, akuti ubongo umazolowera kukana chilakolako chisanakule. Si mankhwala, ndipo sindinganame kuti imathandiza aliyense. Komabe amalume atanena kuti ndi masewera a ana, ndinawayankha mwaukali pamaso pa anthu. Mundikhululukire ukaliwo, koma mawuwo sindibweza.

Ada anavomera, mwina pongofuna kuti ndikhale chete. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango masiku khumi ndi awiri, ndipo chimene ndinaona sindinachiwerengepo m'buku. Munthu amene wakoka khoka moyo wake wonse sadziwa kukankha. Chithunzi chilichonse chikangoonekera, chala chawo chinkachikokera kuchifuwa, cha ndudu chomwe. Foni ikalira kuti alakwitsa, iwo ankangoseka: "Mwana wanga, msodzi sathamangitsa chimene chabwera chokha." Ndikuopa kuti masiku onsewo, m'malo mowaphunzitsa kukana, ndinkawazoloweretsa kulandira. Ndalembera aphunzitsi anga kuti amene anakonza chinthuchi sanaonepo dzanja la msodzi. Sanandiyankhe.

Lachitatu, ndikuwachapira Ada jekete, ndinapeza kansalu m'thumba. Kanali ndi magazi, ena akale, ena atsopano. Nditatchula za kuchipatala, anati tidikire mphepo ya mwera ileke. Mwera unaleka Lachisanu. Dzulo titatuluka m'tchalitchi sanabwerere nafe kunyumba. Ndinakawapeza kumanda ku Bandawe akulambula udzu, iwo amene sanagwirepo khasu pa Sabata. Sankalambula pamene mwagona inu, Ama. Ankalambula pambali panu, ndipo atamaliza anayeza malowo ndi mapazi.

Ndinayenera kubwerera ku Mzuzu mawa, pakuti mayeso ayandikira. Sindipita. M'mawa ndikwera nawo minibasi ya kuchipatala, afune asafune, ngakhale mudzi wonse unene kuti sukulu yandichotsa ulemu. Tikabwerako tidzayambiranso zithunzizo, ndipo ndidzagwira chala chawo ndi dzanja langa kufikira chitaphunzira. Limeneli ndilo lonjezo langa. Kwa inu ndikupempha chimodzi chokha: akabwera kudzafunsa malo, muwamane.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wongani